Funsani za Umoyo: N'chiyani chimawononga ubongo HIV ikakhazikika m'thupi?

Mwezi uno makalata ambiri afika pa nkhani imodzi, ya kuiwalaiwala ndi kusokonezeka mutu pakati pa anthu amene ali ndi HIV. Ena alemba ndi odwala eni ake, koma ochuluka ndi owasamalira. Tasankhapo 8, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Achimwene anga ndi atelala, ali ndi zaka 41. Kwa miyezi ngati 6 akhala akusintha pang'onopang'ono. Kulowetsa ulusi pasingano kumawatengera nthawi, miyezo ya makasitomala amaiwala asanailembe, ndipo akhoza kukhala pakhonde tsiku lonse osalankhula. Poyenda amakhala ngati akuponda m'matope. Mwezi watha anawapeza ndi HIV, CD4 inali 38. Akumudzi akuti anawalodza anzawo a pamsika. Kodi kachiromboka kamadya ubongo? Mlongo wawo, Ndirande.

YANKHO: Pepani chemwali. Zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi matenda amene madokotala atatu a ku New York, Bradford Navia, Barry Jordan ndi Richard Price, anawafotokoza mu 1986 n'kuwatcha AIDS dementia complex. Amadziwika ndi zinthu zitatu zobwera pamodzi: nzeru kuyenda mochedwa, manja ndi miyendo kulemera, ndiponso munthu kusiya kulabadira zimene ankazikonda. Ma ARV asanabwere, pafupifupi wodwala Edzi mmodzi mwa 5 kapena 6 aliwonse ankafika pamenepa. Tikuti "zikufanana" chifukwa pa CD4 ya 38 pali matenda ena oyenera kuyezedwa kaye, ndipo tawatchula poyankha kalata yomaliza. Musaidumphe.

Koma kachirombo sikadya ubongo monga anankafumbwe adyera chimanga. Maselo amene timaganizira, kukumbukira ndi kulamulira manja, otchedwa ma neuron, alibe chitseko cha CD4 chimene HIV imalowerapo, motero siiswana m'kati mwawo. Ichi n'chimene chinkaimitsa mitu ofufuza a nthawi imeneyo. Ubongo wa omwalira unkapezeka utafota, ma neuron atawonongeka, koma kachirombo kakupezeka m'maselo ena.

Ubongo uli ndi mpanda wake. Timitsempha ta magazi ta m'mutu n'tomatana kwambiri moti tizirombo tambiri sitidutsa. Asilikali a m'thupi otchedwa ma monocyte ndiwo amaloledwa kulowa poyendera, ndipo HIV imakwera matola pa iwowa, m'masabata oyambirira munthu atangoitenga, asanadziwe n'komwe. Akalowa amasanduka ma macrophage, n'kupatsira alonda okhazikika a mu ubongo otchedwa ma microglia. Maselo amenewa amakhala miyezi, ena zaka, osafa. Ndiwo amasunga kachirombo m'mutu, ndipo ndiwonso amatulutsa makemikolo owononga.

Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire m'chilimwe, iwo amafuna mbewa, koma moto sudziwa zimenezo, umawaula ndi mitengo ya mango ya m'mphepete mwa munda. Ndi mmene zilili m'mutu mwa wodwala. Mu 1995 Jonathan Glass ndi anzake ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anaunika ubongo wa omwalira ndi Edzi n'kupeza kuti kukula kwa kusokonezeka mutu kunkayenderana kwambiri ndi kuchuluka kwa ma macrophage ndi microglia kusiyana ndi kuchuluka kwa maselo okhala ndi kachirombo.

Makemikolo owonongawa ena amachokera ku kachirombo. Puloteni wa pachikopa chake, gp120, amene kamagwirira selo kasanalowe, amasosoka mosavuta n'kumayandama payekha. Mu 1990 Stuart Lipton ndi anzake ku Boston anasonyeza kuti gp120 wochepa zedi amakweza kashiamu m'kati mwa ma neuron a makoswe, ndipo mu 1994 ofufuza a ku Scripps, ku California, anapanga mbewa zimene ubongo wake unkatulutsa gp120 yekha, popanda kachirombo kathunthu, ma neuron a mbewazo n'kuwonongeka ndithu. Puloteni wina ndi Tat, amene amatuluka m'selo lodwala n'kulowa m'maselo oyandikana nalo. Ena ndi a thupi lathu lomwe: TNF-alpha, interleukin-1, nitric oxide, platelet-activating factor, quinolinic acid ndi glutamate. Mayinawo ndi ambiri, koma ochuluka amakathera pachitseko chimodzi.

Glutamate si mdani. Ndi amene ma neuron amatumizirana uthenga, ndipo popanda iye simungasunge ngakhale dzina la mwana wa mnzanu. Ali ngati mchere m'ndiwo, vuto lake ndi muyezo. Neuron ikaponya glutamate, iye amakagogoda patizitseko ta neuron inzake totchedwa NMDA. Tikatseguka, kashiamu pang'ono amalowa, uthenga wadutsa. Nthawi yomweyo maselo osesa, ma astrocyte, amamwa glutamate wotsala kuti chitseko chitsekeke. TNF-alpha, gp120 ndi Tat zimafooketsa osesawa, pamene ma macrophage odwala akuthiramo glutamate wina. Kunja kwa neuron kashiamu ndi wochuluka kuwirikiza ka 10,000 kuposa m'kati, ndiye chitseko chikachedwa kutsekeka amakhamukira m'kati ngati mtsinje wosefukira. Timafakitale ta mphamvu ta m'selo, ma mitochondria, timalemedwa n'kuyamba kutaya zinyalala zaukali zotchedwa ma free radical. Zinyalalazi zikakumana ndi nitric oxide zimapanga peroxynitrite, amene amadya khungu la selo monga dzimbiri lidyera lata.

Zimenezi zimachitika kwambiri pakatikati pa ubongo, pamalo otchedwa basal ganglia amene amalamulira liwiro la manja ndi kayendedwe, ndi mu minyewa yoyera yolumikiza mbali za ubongo. N'chifukwa chake singano ndi ulusi ndizo zinayamba kuvuta. Munthu wa matendawa nthawi zambiri mawu sawataya, mukamukumbutsa pang'ono amakumbukira, kungoti yankho limabwera mochedwa, mosiyana ndi agogo a matenda a Alzheimer amene chinthucho chimafufutikiratu.

Neuron siifa tsiku limodzi. Imayamba yathothola nthambi zimene imagwirana nazo ndi inzake, thunthu lidakali moyo. Mtengo wothyoka nthambi umaphukanso moto ukazima, ndipo chozimitsira chake ndi ma ARV omwedwa tsiku lililonse. Za kulodzedwazo sitikangana ndi akumudzi pano. Tingopempha kuti pamene akukambirana, inu muziwapatsa mankhwala m'manja n'kuona kuti ameza, chifukwa munthu woiwala miyezo ya diresi amaiwalanso piritsi.

FUNSO: Ndikuphunzira unamwino. Aphunzitsi anatchula quinolinic acid kuti ndi poizoni amene thupi limadzipangira lokha. Thupi lingapange bwanji chodzipha nacho? Wophunzira, Mzuzu.

YANKHO: Nkhani yake imayambira m'mbale. M'mazira, usipa, nyemba, mtedza ndi mkaka muli kachidutswa ka puloteni kotchedwa tryptophan. Kakalowa m'thupi kamafika pamphambano. Kanjira kakang'ono kamapita kukapanga serotonin, wothandiza pa tulo ndi pa kukhazikika kwa mtima. Msewu waukulu, umene umatenga pafupifupi 95 pa 100 iliyonse, ndi wa kynurenine, ndipo kumapeto kwake kumatuluka NAD, amene selo lililonse limamufuna kuti lipeze mphamvu, yemwenso amapangidwa kuchokera ku vitamini B3. Quinolinic acid ndi siteji imodzi chabe pamsewu umenewu, ya kufupi ndi kumapeto. Mwa munthu wabwinobwino sachedwapo, enzyme ina, puloteni wa ntchito yosintha makemikolo m'thupi, imamunyamula akangofika.

Chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi tizirombo chimatulutsa interferon-gamma, ndipo ameneyu amadzutsa enzyme yotchedwa IDO m'ma macrophage ndi microglia. IDO ndiye chipata cha msewu waukulu uja. Thupi limachita dala, limafuna kumana tizirombo tryptophan kuti tife ndi njala, ndipo pa matenda a masiku ochepa imeneyi ndi nzeru. Vuto la HIV n'lakuti nkhondo yake siitha. Chipata chimakhala chotsegula miyezi ndi zaka, enzyme yonyamula ija imalemedwa, quinolinic acid n'kuyamba kuunjikana ngati anthu pasiteji minibasi zikasowa.

Akaunjikana amawononga katatu. Amatsegula yekha chitseko cha NMDA ngati kuti ndi glutamate. Amalepheretsa ma astrocyte kusesa glutamate weniweniyo. Ndipo akagwirana ndi ayironi amabala ma free radical. Chodabwitsa n'chakuti msewu womwewo uli ndi nthambi ina, ya m'ma astrocyte, yopanga kynurenic acid amene amatseka NMDA. Choncho nkhani ndi ya sikelo, mbali iti yalemera.

Amene anayeza zimenezi mwa anthu ndi Melvyn Heyes wa ku National Institutes of Health, ku America, mu 1989 ndi 1991. M'madzi a pamsana a anthu ongoyamba kumene ndi HIV anapeza quinolinic acid wowirikiza pafupifupi kawiri, koma mwa osokonezeka mutu kapena okhala ndi matenda ena a mu ubongo anali wowirikiza kupitirira ka 20. Odwala atapatsidwa AZT, mankhwala oyamba a gulu la ma ARV, mlingowo unkatsika, nzeru n'kumabwerera.

Musamupatse ulemu wopitirira. Amakwera pa kutupa kulikonse kwa mu ubongo, ndipo anapezekanso wokwera mwa ana a kuno ku Malawi odwala malungo a mu ubongo. Ndi mmodzi mwa owononga angapo, ndipo kuchipatala sayezedwa chifukwa zotsatira zake sizingasinthe chithandizo. Wodwala akamva nkhaniyi n'kufunsa ngati asiye mazira ndi mtedza, muuzeni asayerekeze. HIV imadya kale tryptophan wa m'thupi mwake, ndipo kumuchepetsanso m'mbale kumangoitana matenda ena amene tawafotokoza pansipa.

FUNSO: Pagulu lathu la WhatsApp pakuyenda uthenga woti zokometsera ndiwo za m'mapaketi zili ndi glutamate wowononga ubongo wa omwa ma ARV. Ndi zoona? Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Ayi bambo. Glutamate wa m'chakudya, amene alinso mu tomato ndi m'mkaka wa m'mawere, amathera pafupifupi yense m'matumbo, ndipo wotsalayo mpanda wa ubongo sumulola kulowa. Wowononga uja amapangidwira m'mutu momwemo. Chifukwa chenicheni chochepetsera zokometserazo ndi mchere wake wambiri, umene umakweza BP.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa zaka 52, ndakhala pa ma ARV zaka 9. Viral load yanga siipezeka, koma ndikuiwala mayina a ana m'kalasi ndipo kuchonga mayeso kukunditengera nthawi yowirikiza. Ngati kachirombo kagona, chikundiwononga n'chiyani? Aphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, ma ARV amatseka njira za kachirombo kofuna kulowa m'selo latsopano. Mu ma ARV otchedwa 13A, tenofovir ndi lamivudine amakalepheretsa kudzikopera, dolutegravir amakaletsa kudzisokerera mu DNA ya selo. Koma microglia imene inagwidwa kale musanayambe mankhwala idakali nako m'kati, ndipo imatha kumatulutsa Tat pang'onopang'ono. Tat anapezekapo m'madzi a pamsana a anthu ena amene magazi awo alibiretu kachirombo kooneka. Chachiwiri ndi matumbo. HIV imawononga chitetezo cha m'matumbo m'masabata oyamba, tizidutswa ta mabakiteriya n'kumadontha m'magazi, ndipo timasunga ma monocyte ali okwiya. Chachitatu ndi zipsera zakale. Chimene chimalosera bwino vutoli si CD4 ya lero, koma yotsikitsitsa imene munafikapo musanayambe mankhwala. Apa m'pamene pagona phindu la lamulo la 2016 loti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV osadikira CD4 kutsika.

Panali nthawi ina chiyembekezo choti mtundu C wa HIV, wofala kunoku, uli ndi Tat wofatsa, potengera zimene anaona ku India mu 2004. Kafukufuku wa ku Cape Town anadzasonyeza kuti nawonso umawononga ubongo ndithu.

Manambala angakulimbitseni mtima. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital wotuluka mu 2014, pa akuluakulu 106 okhala ndi HIV, anapeza 3 pa 100 aliwonse ali ndi kusokonezeka kwakukulu, 12 pa 100 ali ndi vuto lochepa losokoneza ntchito. Ena 55 pa 100 anangolephera mayeso a nzeru popanda dandaulo lililonse pamoyo wawo, ndipo gulu limeneli ife sitiliwerengera kwenikweni. Mayesowo amatengera sukulu imene munthu anaphunzira ndi kuzolowera kwake kuyankha mothamangitsana ndi wotchi.

Pa zaka 52, musanaloze chala Tat, yezetsani BP ndi shuga, zimene zimatseka timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Onaninso tulo, nkhawa ndi kukhumudwa, chifukwa munthu wovutika maganizo amaiwala chimodzimodzi. Mowa umatsegulanso mpanda wa ubongo n'kumaliza vitamini B1, makamaka kachasu womwedwa m'mimba muli njala.

Pemphani kukiliniki mayeso a mphindi zitatu otchedwa International HIV Dementia Scale, amene Ned Sacktor ndi anzake anawayesa ku America ndi ku Uganda mu 2005. Amakuuzani mawu 4, monga galu, chipewa, nyemba ndi kufiira, kuti muwasunge. Kenako ndi dzanja limene simulembera mumagunditsa chala chachikulu ndi chamkombaphala mofulumira, mukutambasula bwino, kwa masekondi 5. Kufika ka 15 ndi mamalikisi 4. Ndiye patebulo mumaika chibakera, chikhatho chogona, chikhatho choimirira cham'mbali, mobwereza, ndipo maulendo 4 m'masekondi 10 ndi mamalikisi 4 ena. Pomaliza mumatchula mawu aja. Onse pamodzi ndi 12, ndipo wopeza 10 kapena kucheperapo amafunika kuunikidwa mozama. Mayesowa amakola anthu ambiri abwinobwino, choncho si chigamulo. Phindu lake lili pobwereza pakatha miyezi 6 n'kuyerekeza. Ngati zinthu zikuipa msanga, madzi a pamsana ayezedwe, chifukwa mwa anthu ochepa kachirombo kamaswana m'mutu pamene m'magazi muli zii.

FUNSO: Mng'ono wanga wakhala pa 5A zaka zitatu. Ndi wowonda, amalemera makilogalamu 39. Chiyambire mankhwala oteteza TB akudzandira ngati woledzera, akulankhula mokoka lilime, pena amangoseka yekha. Viral load ili bwino. Mayi wa ku Johannesburg.

YANKHO: Mayi, pitani naye kuchipatala sabata yomwe ino ndipo mukatchule efavirenz, amene ali mu 5A. Apa kemikolo yokayikitsa ndi mankhwala enieniwo. Efavirenz amalowa mu ubongo mosavuta, n'chifukwa chake ongoyamba kumene amamva chizungulire ndi kulota zoopsa kwa masabata awiri mpaka anayi. Amachotsedwa m'magazi ndi enzyme ya m'chiwindi yotchedwa CYP2B6, ndipo anthu ena amabadwa nayo yaulesi, zimene n'zofala kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu. Oterewa amadalira enzyme yachiwiri, CYP2A6, ndipo isoniazid woteteza TB amatseka yomweyo. Onjezanipo thupi la makilogalamu 39 lolandira mamiligalamu 600 ofanana ndi a munthu wa makilogalamu 80, mankhwala amangounjikana.

Mu 2017 madokotala a ku Klerksdorp, ku South Africa konko, anafotokoza za amayi 20 otere, ambiri owonda, amene anayamba kudzandira patapita nthawi yaitali ali pa efavirenz. Atawasinthira mankhwala, ambiri anayambanso kuyenda bwino m'miyezi yochepa. Asasiye yekha, akamusinthire ku dolutegravir, amene ku Malawi wakhala woyambira kuyambira 2019. Nayenso amasowetsa tulo anthu ena, ndiye ndi bwino kumumwa m'mawa.

FUNSO: Mayi anga ali pa ma ARV ndi isoniazid. Khungu la m'khosi, kuseri kwa manja ndi pamapazi lada n'kukakala ngati lapsa, akutsegula m'mimba, ndipo tsopano akulankhula zosamveka. Kodi Edzi yafika mu ubongo? Mwana wawo, Thyolo.

YANKHO: Mwina ayi, ndipo ngati tikuganiza bwino, matenda awo ndi ochizika msanga. Khungu loda pamalo owombedwa ndi dzuwa okhaokha, lozungulira khosi ngati mkanda, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu, ndi chiwawu, chimene madokotala amati pellagra. Chimabwera vitamini B3 akasowa, ma neuron n'kutha mphamvu.

Chimanga chili ndi B3 womangika amene matumbo satha kumumasula, ndiponso tryptophan wake ndi wochepa. Thupi limafuna mamiligalamu 60 a tryptophan kuti lipange miligalamu imodzi ya B3, ndipo ntchitoyi imafuna vitamini B6, amene isoniazid amamuwononga. Munthu wodalira nsima ya ufa woyera ndi masamba, wokhala ndi HIV imene ikudya kale tryptophan, akawonjezera isoniazid amakhala watsekeredwa mbali zonse. Dziko lino likuchidziwa chiwawu. Mu 1990 othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 18,000 anadwala nacho m'misasa ya kuno mtedza utasiya kufika pa chakudya chawo, ndipo isoniazid atayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017, odwala chiwawu anachulukanso, kafukufuku wotuluka mu 2022 n'kutsimikiza kugwirizanako.

Kuchipatala amaimitsa isoniazid woteteza n'kupereka nicotinamide, amene ndi mtundu wa vitamini B3, mamiligalamu 300 patsiku ogawidwa kangapo, kwa masabata atatu kapena anayi, pamodzi ndi mavitamini a B ena. Mutu umayamba kubwerera m'masiku ochepa, khungu limatsatira. Kunyumba, nsinjiro zisasowe m'ndiwo, ndipo usipa, nyemba, soya kapena dzira zizipezeka tsiku lililonse. Azivala chipewa ndi malaya a manja aatali. Aliyense womwa isoniazid azimwanso pyridoxine, vitamini B6 uja, amene amaperekedwa limodzi naye, kapiritsi kamene ambiri amakasiya m'chikwama poganiza kuti n'kongowonjezera.

FUNSO: Ngati poizoniyo akudziwika, bwanji osapanga mankhwala omutsekereza? Ndipo wosokonezeka kale amachira? Mnyamata wa ku Chipata.

YANKHO: Anayesa, achimwene, kangapo konse. Memantine amatseka chitseko cha NMDA, ndipo m'labotale ankapulumutsa ma neuron ku gp120. Atamuyesa pa anthu 140 ku America kwa masabata 16, zotsatira za mu 2007 sizinasonyeze kusintha kwa nzeru. Minocycline, wofatsitsa ma microglia, anayesedwa ku Uganda motsogozedwa ndi Noeline Nakasujja wa ku Makerere, ndipo mu 2013 anapezeka kuti sathandiza. Selegiline ndi nimodipine anatheranso momwemo. Maganizo athu ndi akuti makemikolowa ndi ochuluka moti kutseka mmodzi kumasiya enawo akugwira ntchito, ndiponso neuron ya khoswe m'mbale ya labotale si mutu wa munthu amene wadwala zaka 10. Wokugulitsani botolo loti limatsuka ubongo akungofuna ndalama zanu.

Chimene chinagwira ntchito ndi kuthana ndi kachirombo. Ngakhale AZT yekha anachepetsa kwambiri matendawa, monga Peter Portegies anaonera ku Amsterdam mu 1989. Woyamba ma ARV amasintha pang'onopang'ono, kusintha kwakukulu kumaoneka pa miyezi 6 mpaka 9, ndipo kumapitirira mpaka chaka. Ambiri amabwerera kuntchito. Ena, makamaka ochedwa kuyamba, amatsala ndi kuchedwa pang'ono kwa manja ndi nzeru.

FUNSO: Bambo anga angopezeka ndi HIV, CD4 ndi 60. Mutu wakhala ukuwapweteka masabata awiri, akusanza ndipo sakutizindikira bwino. Adokotala akuti awachotse madzi a pamsana asanayambe ma ARV. Abale akukana, akuti wochotsedwa madziwo amafa kapena kulumala. Ndichite chiyani? Mwana woyamba, Mangochi.

YANKHO: Vomerani, ndipo lero lomwe ngati n'kotheka. Kusokonezeka kobwera ndi makemikolo a HIV kumakwawa miyezi, munthu ali maso, wopanda kutentha thupi. Kwa bambo anu kwabwera m'masabata awiri ndi litsipa ndi kusanza, ndiye choyamba kuganizira ndi matenda oumitsa khosi, makamaka a cryptococcus, kachirombo ka mtundu wa yisiti, kapena a TB. Khosi likhoza kukhala lofewa koma matendawo alipo.

Aliyense wa CD4 yosafika 200 amayenera kuyezedwa magazi kufufuza cryptococcus, mkodzo kufufuza TB, ndipo wosokonezeka mutu ayezedwenso chindoko, malungo, shuga, impso ndi mchere wa m'magazi. Wofooka mbali imodzi ya thupi kapena wokomoka ngati wakhunyu amaganiziridwa toxoplasmosis, imene imachizidwa ndi Bactrim wamphamvu kwa masabata 6. Dzina loti HIV yawononga ubongo limaperekedwa zonsezi zikapezeka kuti palibe.

Kachitidwe kake ndi aka. Wodwala amagona cham'mbali atapinda mawondo kufika pachifuwa. Singano yopyapyala imalowa pakati pa mafupa a m'chiuno, pansi pa pamene mtsempha waukulu wa msana umathera, choncho siiukhudza. Madziwo m'thupi amakhalamo pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga pafupifupi 500 patsiku, ndiye mamililita 10 otengedwa kukayeza amabwerera pasanathe ola. Mphekesera za imfa zinabwera chifukwa ambiri ankafika nawo kuchipatala matenda atapita kale patali, singano n'kukhala chomaliza chimene abale anaona.

Adokotala akudikira ma ARV pa chifukwa chomveka. Ngati m'mutu muli cryptococcus, chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi chimakamenyana naye mu chigaza chosatambasuka, ubongo n'kutupa, ndipo imfa zimachuluka. N'chifukwa chake ma ARV amayamba pakatha masabata 4 mpaka 6 chiyambire mankhwala a cryptococcus. Mankhwalawo tsopano ndi diripi imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin B, mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse, ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, kenako fluconazole yekha kwa miyezi yambiri. Njirayi inayesedwa m'mayiko asanu a mu Africa, kuphatikizapo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo bungwe la WHO linaivomereza mu 2022.

Abale muwauziretu kuti singanoyo ikhoza kubwerezedwa, mwina masiku angapo otsatizana. Cryptococcus amatseka timabowo totulukira madzi a m'mutu, madziwo n'kumapanikiza ubongo ndi mitsempha ya maso. Kuchotsa mamililita 20 mpaka 30 kumatsitsa kupanikizako, ndipo nthawi zambiri wodwala amanena yekha kuti mutu wapepuka singano isanazulidwe. Litsipa likabwerera, kapena akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.